Amene Anaba Mutu wa Mbuzi ya a Virgílio

Olemekezeka a Shefi a Posto ya Malowera, amene munauzidwa kuti mwambo uno ndi wa ola limodzi, ndipo munakhulupirira;

Olemekezeka nthumwi ya maphunziro yochokera ku Fíngoè, amene mwatifikira pa mota, njinga yamoto ija, fumbi la msewu lili mpaka m'nsidze;

Olemekezeka mafumu ndi anyakwawa a dera lino;

Olemekezeka a padiri, abusa ndi a shehe, amene mwagawana benchi limodzi mwamtendere;

Olemekezeka a Diretora a sukulu ino, Dona Selestina;

Olemekezeka a Purezidenti a Konselyu ya Sukulu, amalume anga a bere limodzi ndi mayi, a Virgílio;

Olemekezeka aphunzitsi anga, a Purofesori Horácio;

Aphunzitsi nonse, makolo, amalonda, okumba golide amene mwasiya maenje anu opanda mlonda, ndi inu ana asukulu amene mwaima padzuwa chiyambire m'mawa: ndakupatsani moni nonse ndi manja awiri.

Mwina mwamva kuti pakati pa dzina la amalume ndi dzina la aphunzitsi ndinapumira pang'ono. Ndachita dala, kuti mayinawo asakhudzane. Okonza mipando nawonso achita chimodzimodzi: amalume awakhazika kuno kumanja kwanga, aphunzitsi awaika uko kumapeto, ndipo pakati pawo aikapo kwaya yonse.

Kwa amene simundidziwa, ine ndine Rosária, mwana wa malemu Mónica, wobadwira konkuno. Pa pulogalamu alemba kuti Dotora, koma chonde musandiimitse panjira ndi zotupa zanu, ine sindibaya jakisoni. Ntchito yanga ndi kuphunzitsa ku univesidade za ubongo ndi mitsempha, phunziro limene m'mabuku limatchedwa neurosiyensiya, dzina loti ukalitchula kawiri umapempha madzi akumwa.

Ndiyambe ndi kuthokoza, chifukwa chimene chaima kumbuyo kwangaku si chaching'ono. Zikomo makolo amene munaumba njerwa ndi kuziotcha; zikomo abambo amene munanyamula malata pa njinga kuchokera ku Fíngoè, mphepo ikufuna kukuulutsani pamodzi ndi njingazo; zikomo amayi amene munatunga madzi opondera matope mpaka makosi kuuma; ndipo zikomo abwenzi amene anatumiza makina atatu oonera tizinthu tosaoneka ndi maso, amene anafika pa kamiyau, chigalimoto cha katundu chija, atafunditsidwa mabulangete ngati odwala. Zaka khumi ndi zisanu zapitazo, pamene tinkabwerera kuchokera ku Zambia, pamalo pano panali makoma anayi opanda denga ndi mtengo wa mpoza umene unamera pakati pa kalasi. Lero pali laboratoriyo, chipinda chophunziriramo za zamoyo, chokhala ndi mawindo amene amatseguka n'kutsekekanso.

Koma tadzutsani maso muone thabwa lili pamwamba pa chitseko. Alembapo kuti "Laboratoriyo ya", kenako mpata woyera. Si kuti utoto unatha ayi. A Leandro opaka utoto akhala apo ndi chitini chawo kuyambira dzulo, sakudziwa ngati apite kapena akhale. Makolo ndi aphunzitsi anagwirizana kuti pampatapo palembedwe dzina la a Purofesori Horácio, amene aphunzitsa ana a mudzi uno zaka makumi atatu, ndipo mwezi wamawa akupuma ntchito, akupita kukakhala kwa mwana wawo ku Tete. Konselyu inakhala pansi katatu. Katatu konse a Purezidenti anamenya ndodo yawo pansi nati, "Ine ndili moyo, dzina la wakuba mutu silikwera pakhoma limeneli."

Ndiye nkhani ili apa. Thabwalo likapanda kulembedwa lero, aphunzitsi akwera kamiyau ya ku Tete ndi dzina limene mudzi uno unawapatsa, loti anaba mutu wa mbuzi ya a Virgílio, ndipo adzafa nalo. Dona Selestina anandilembera kalata kuti ndidzalankhule za ubwino wa maphunziro a ubongo, ndipo ndilankhula ndithu. Koma ndisanadule fita, kansalu kamene amanga pachitsekoka, ndikuuzani amene anaba mutuwo, chifukwa ine ndikumudziwa.

Kwa ana amene munabadwa nkhondo itatha, ndiyambire patali pang'ono. Chaka cha 1987 mudzi wathu unathawira ku Zambia. Panjira amalume anaponda bomba lija lokwirira pansi, mwendo wakumanzere n'kuthera pomwepo. Amene anawabereka kumsana masiku awiri mpaka kumalire ndi aphunzitsi a Horácio. Ku msasa wa Ukwimi, zaka zisanu ndi ziwiri, awiriwa ankasewera nsolo tsiku ndi tsiku, kuberana njere, kutukwanizana, kenako n'kudyera m'mbale imodzi. Ukafuna mmodzi unkangofunsa kumene kuli mnzake.

Titabwerera mu 1994, sukulu inayambiranso m'makoma opanda denga aja. Tinalipo makumi anayi m'kalasi imodzi, ena a ndevu, mmodzi ali ndi mwana kumsana. Mabuku kunalibe, choko kunalibe, aphunzitsi ankalemba pakhoma ndi khala. Tsiku lina anafika pa phunziro la ubongo. Anajambula, anafufuta, anajambulanso, anabwerera m'mbuyo kuti aone bwino, kenako anatifunsa kuti, "Ichi n'chiyani?" Wina anati dzungu. Wina anati chulu. Bambo wina wa ndevu anaimika dzanja mwaulemu wonse nati, "Purofesori, ndi ndowe za ng'ombe." Aphunzitsi anakhala pa njerwa, nagwira tsaya. "Ana inu, ndikanakhala ndi mutu umodzi wokha woti ndiutsegule, mukanaona chinthu chimene simungachiiwale." Iwo ankangodandaula chabe. Koma m'kalasimo munali mtsikana wina wa zaka khumi ndi zinayi amene ankatenga mawu aliwonse a aphunzitsi ngati lamulo.

Sabata yomweyo amalume, monga mwini mbumba, analamula kuti tonde mmodzi yekhayo amene tinali naye, wa mbuzi zija bungwe lina linagawira obwerera, aphedwe, kuti tiwauze makolo athu ogona m'dothi lino kuti tabwerako. Mwambo wake mukuudziwa. Nyama imagawidwa kwa onse, koma mutu ndi wa mwini mbumba. Amauwaula, amauika m'beseni, amauvundikira ndi lichero, ndipo umadikira mwini wake mpaka tsiku lotsatira. Mwana wamkazi saloledwa ngakhale kuuyang'anitsitsa.

M'mawa mwake, akuluakulu atapita kukalambula kumanda, mtsikana uja anavundukula lichero. Mutu unamuyang'ana, iyenso anauyang'ana. Anaulowetsa m'thumba lake la kusukulu, lija tinkasoka ndi saka la chimanga cha chithandizo, nyanga n'kutulukira mbali zonse ziwiri. Panjira anakumana ndi mayi wina amene anafunsa kuti, "Iwe, mabuku a masiku ano ali ndi nyanga?" Mtsikanayo anayankha kuti, "Ndi a siyensiya," n'kupitirira.

Amalume, ndikuona mwasiya kudzikupiza ndi chipewa. Inde. Mtsikanayo ndi yemwe uja munamutumizira mota dzulo kuti ikamutenge ku Fíngoè. Ndine, amalume. Mutu wanu ndinaba ndine.

Khalani pansi, abale, khalani pansi! A kwaya, si nthawi ya nyimbo ino. Ana asukulu, tsekani pakamwa, ntchentche zachuluka. Sindinathe.

Nditafika nawo, aphunzitsi anafunsa kuti, "Rosária, wautenga kuti?" Pamenepo ndinachita tchimo lachiwiri, loposa loyamba. Ndinati, "Amalume atumiza." Aphunzitsi anavula chipewa, anayang'ana chakwathu, nati, "Virgílio uja ndi munthu. Wadzimana mutu wa mwambo chifukwa cha ana."

Anabwereka chikwanje natsegula chigaza pang'onopang'ono, ife titaunjikana mpaka kupondana zala. Ubongo utaoneka, bambo wa ndevu uja anakhumudwa: "Ndi kameneka basi?" Kanali kochepa kuposa chibakera changa, kofewa, kokwinyikakwinyika. Aphunzitsi anakanyamula ndi manja awiri nati, "Liuma lonse la tonde uja linali muno. Njira ya kumtsinje inali muno, ndipo minda yonse imene ankaba anaisunga muno." Kenako anatiloza mmodzimmodzi. "Nanga inu? Munachoka kuno zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Mwabwera, mwapeza nyumba zinapsa, njira zinamera thengo, chikwangwani palibe. Koma mayi aliyense anayenda molunjika n'kukaima pamene panali khomo lake. Mudziwu unasungidwa kuti nthawi yonseyi? Pansi pano panalibe mudzi. Munapita nawo ku Zambia, mwabwera nawo, m'kanthu konga aka." Ine ndinagwira mutu wanga ndi manja onse awiri ndipo ndinalira, chifukwa ndinazindikira kuti mayi anga amene tinawasiya m'manda a ku Ukwimi, mawu awo ndi kayendedwe kawo, nawonso ndinabwera nawo. Kuyambira tsiku limenelo sindinafunenso kuphunzira china.

Phunziro litatha, aphunzitsi anachita zimene munthu aliyense wanzeru akanachita m'chaka cha njala chija. Anaphika. Anadya lilime, masaya, makutu, ndi phunziro lomwe. Kenako anasamba m'manja, anatenga nyanga ziwiri zija, nauyamba ulendo wa kwathu kukathokoza.

Kwathu n'kuti kwasanduka bwalo la milandu. Galu anali atamangidwa kale pamtengo monga woganiziridwa woyamba, fisi anali atatchulidwa, ndipo mkamwini wina anali atauzidwa kuti ayasamule, anthu anunkhize. Pakati pa zimenezo analowa aphunzitsi, akutokosa m'mano, nyanga zili m'manja, nati mokweza: "Bwenzi langa, Mulungu akudalitse! Mutu wokoma chonchi sindinaudyepo chibadwire."

Amalume anangofunsa kuti, "Anakupatsa ndani, Horácio?"

Aphunzitsi anatembenuka nandiona nditaima kuseri kwa nkhokwe. Ankadziwa chimene ine ndinkadziwa. Wogula golide wina anali atabwera kale kawiri kudzafunsira mbeta, ndipo amalume anali atandiuza kuti, "Sukulu upitirize, koma tsiku limene udzandichititse manyazi, mabuku ako ndidzakolezera moto, ukakwatiwe." Aphunzitsi anandiyang'ana kanthawi kochepa, kenako anayang'ana pansi.

"Palibe wandipatsa. Ndimadutsa, ndinamva fungo, ndinatenga."

"Iwe?"

"Ine. Njala, Virgílio."

Ubwenzi unathera pamenepo. Aphunzitsi anabweretsa tambala kuti apepese; amalume anayang'ana mutu wa tambalayo, n'kuwabwezera. Maenje a nsolo anakwiririka, pamwamba n'kumera udzu. Ku tchalitchi, nthawi yopatsana mtendere ikakwana, amalume amagwira chanza benchi lonse, akafika pa aphunzitsi chifuwa chimawagwira. Wina akawakumbutsa kuti munthuyu anawabereka kumsana mpaka kumalire, amayankha kuti, "Anandibereka, inde, sindikukana. Koma mutu anadya." Ana amene anali kumsana nthawi imeneyo akula, ena ali ndi ana awo, ndipo amangodziwa kuti uyo ndi Purofesori Wamutu. Zaka zonsezi aphunzitsi sananditchule kwa munthu aliyense, ngakhale kwa akazi awo.

Amalume, ndikudziwa kuti mukufuna kuweruza, ndodo yanu ndaiona yasuntha. Koma ngakhale galu uja munamupatsa mpata wolira. Ndiloleni ndinene zimene mutu wanu unabala, chifukwa ndi zimenenso anandiitanira, ndipo nthumwi ya ku Fíngoè ikufuna china chake chokalemba mu lipoti.

Tsiku langa loyamba mu laboratoriyo ya ku univesidade, mphunzitsi anatulutsa ubongo m'botolo. Ana a mumzinda anabwerera m'mbuyo, ndipo mnzathu wina wa tayi anagwa chagada. Ine ndinayandikira, ndinayang'ana, ndinati, "Uwu ukufanana ndi wa mbuzi, koma mankhwala auumitsa." Mphunzitsiyo anadabwa: "Mwaphunzira kuti zimenezi?" Ndinati, "Kwathu ku Malowera tili ndi laboratoriyo." Bodza lachitatu limenelo. Koma makolo inu mwalisandutsa zoona ndi njerwa zanu, ndiye limenelo mundikhululukire kwaulere.

Wophunzira za zamoyo amapatsidwa maphunziro ake m'zidutswazidutswa. Lolemba kimika, Lachiwiri maselo, Lachitatu fizika, Lachinayi khalidwe la nyama, ndipo Lachisanu mutu umamuwawa, osadziwa kuti zonsezi zikumana pati. Zimakumana mu ubongo. Kuti a Shefi ayang'ane wotchi yawo, monga achitira kasanu tsopano, pafunika mchere wolowa ndi kutuluka m'maselo, pafunika kamphamvu ka magetsi kothamanga m'mitsempha, pafunika minofu ya khosi, ndipo pafunika kukumbukira kuti ku ofesi kuli ntchito. Amene wamvetsa kachitidwe kamodzi kameneka wakhudza maphunziro anayi nthawi imodzi. N'chifukwa chake ife timalimbikira kuti phunziro la ubongo lisamadikire munthu imvi zitayamba, atafika pamwamba penipeni pa maphunziro. Lizilowa m'zaka zoyambirira za univesidade, pamene pamadutsa onse amene adzakhale aphunzitsi a biyolojiya, anamwino ndi alangizi a ziweto. Mwa ophunzira anga makumi asanu, mwina awiri okha ndi amene adzathe moyo wawo akufufuza ubongo. Enawo adzatumizidwa kumadera onga kuno.

Ndipo kuno ntchito ilipo. Mphunzitsi amene anaphunzira za ubongo, mwana wa khunyu akagwa m'kalasi, sathawira pawindo, salowetsa supuni m'kamwa mwa mwanayo, ndipo samuchotsa sukulu. Amamugoneka chammbali, amauza anzake kuti matendawa sapatsirana, kenako amaperekeza makolo kuchipatala. Namwino amene anaphunzira za mitsempha, wokumba golide akabwera manja akunjenjemera mpaka tiyi kutayikira m'maondo, amafunsa za utsi wa merikuriyo umene munthuyo amaupuma pootcha golide, wodwalayo asanayambe kuloza mnzake wa dzenje loyandikana kuti wamulodza. Inu a zipewa zafumbi kumbuyoko, ndikunena inu, musayang'anane. Ndipo ife amene mota ikaphulika pamsika timapezeka tili pansi pa matebulo a tomato, ine ndemwe ndili m'gulumo, tifunika wina wotiuza kuti si misala ndipo si mantha achibwana. Ubongo wathu unaphunzira nkhondo bwino kwambiri, ndipo ungathe kuphunzitsidwanso mtendere, ngakhale umachedwa kumva.

Amalume eni ake ndi mboni yanga. Nditabwera ku tchuthi chaka changa chachitatu, ndinawapeza akuvutika ndi phazi lakumanzere, lija linatsala panjira ya ku Zambia. Linkayabwa pakati pa zala, ndipo pokanda panalibe. Mbumba inali itatuma kale anthu awiri kuti akafune pamene mwendo unakwiriridwa, akathamangitse nyerere. Anthuwo anabwerako ndi uchi ndi malungo, mwendo osaupeza. Ine ndinafotokoza kuti mu ubongo chiwalo chilichonse chili ndi malo ake, ndipo mwendo ukachoka malowo amatsala, akuitanabe. Ndinaimika kalilole pambali pa mwendo wotsalawo kuti phazi lakumanja lioneke ngati lakumanzere, ndinati kandani. Anakanda akuyang'ana m'kalilole, misozi ikutsika, nati, "Haa, pamenepo, pamenepo!" Mumtima ndinati, lero ndi tsiku loulula, mtima wawo wafewa. Ndisanatsegule pakamwa anandifunsa: "Ndiye kuti zonse zili m'mutu?" Ndinati inde, amalume. Anamenya ndodo pansi: "Waona tsono kukula kwa mlandu wa Horácio?" Mawu anga ndinawameza, ndipo ndinabwerera nawo ku Maputo.

Lero sindibwerera nawo, ndipo sindinabwere chimanjamanja. Dzulo pamsika wa ku Fíngoè ndinasankha tonde wamkulu, wa nyanga zopota, wonunkha bwino lomwe monga tonde ayenera kununkhira. Ndinakwera naye pa mota, iye pakati, ine kumbuyo, njira yonseyi tikupumirana. Ndinamumangirira kuseri kwa kozinya kumene amayi akuphikira, kuti ndimupereke wamoyo m'manja mwa mwini mbumba pamaso pa anthu onse. Dona Serafina, inu oyang'anira zophika, tamubweretsani kuno mlendo wanga uja.

Dona Serafina? Bwanji mukuyang'ana kumwamba? Ndati tonde. Chimene mwanyamulacho ndi mphika.

Mukuti chiyani? Nenani mokweza, mayi, takula tonse pano.

Abale inu! Akuti mbuzi ikabwera ndi mlendo wolemekezeka n'kumangidwa kuseri kwa kozinya imakhala yabwera kudzaphikidwa, ndipo iwo chibadwire sanaonepo mbuzi yobwera kudzamvera zolankhula. Akuti fungo limene takhala tikulimva chiyambire moni uja ndi tonde wanga. Mayo ine! Nanga mutu? Akuti mutu ndi umene uli mumphikamu, ndipo pa phwando la sukulu mutu ndi wa mlendo wolemekezeka, ndiye ausungira ine.

Amalume, mwamva nokha. Ndinabwera kudzabweza mutu umodzi, ndipo dzuwa lisanafike paliwombo ndakulandani wachiwiri. A Shefi, sekani ndithu, musadzitsamwitse. Ine ndiye sindikuseka, thukuta lafika m'nsapato.

Bweretsani kuno mphikawo, Dona Serafina, ndipo mundigwirire chokuzira mawuchi pafupi, kuti onse amve. Ndigwada pafumbi pomwepa ndi suti yanga ya ku Maputo.

Amalume, ndinalakwa. Ndinaba, ndinanama, ndipo zaka khumi ndi zisanu ndalola munthu wosalakwa kusenza mlandu wanga, chifukwa ndinkaopa: poyamba ndinkaopa ukwati, kenako ndinkaopa nkhope yanu. Madigiri ndili nawo, koma manyazi amene ndili nawo lero ndi aakulu kuposa onsewo. Ine mundichite chimene mukufuna. Koma aphunzitsi asachoke m'mudzi muno ndi dzina la mbala.

Chete kumbuyoko, amalume akulankhula. Mawu awo safika patali, ndiye ndizibwereza monga anenera, osachotsa kanthu.

Akuti ndine chitsiru. Ndavomera. Akuti aphunzitsi ndi chitsiru choposa ine, chifukwa ine ndinali mwana, iwo anali ndi ndevu. Akuti chitsiru chachitatu ndi iwo eni, koma chimenecho ndisabwereze. Pepani, amalume, chatuluka kale.

Pang'onopang'ono, amalume, ndikumva. Akuti iwo sanakwiye chifukwa cha nyama. Akuti chiyambire tsiku limene anatsitsidwa kumsana pamalire paja, analibe kanthu koti amupatse munthuyu. Ku msasa analibe ngakhale nkhuku imodzi. Zaka zisanu ndi ziwiri ankadikira tsiku loti adzakhale ndi mutu wa mbuzi wawowawo, adzayale mphasa, adzaitane Horácio pamaso pa mbumba yonse, n'kumuuza kuti, "Idya, m'bale wanga, miyendo yako inali yanga." Akuti m'mawa umenewo mphasa anali atayala kale. Ndiye munthuyo anabwera akutokosa m'mano, n'kunena kuti anangotenga podutsa.

Aphunzitsi, mwamva? Musabise nkhope m'chipewa, bwerani kuno. A kwaya, apatseni njira.

Akuti mphikawu ndi wa anthu awiri, ndipo ine ndisanyambite ngakhale chivundikiro. Chilango ndachilandira. Akutinso a Leandro atsitse thabwa abweretse ndi utoto womwe, dzinalo alemba okha, popeza amene anakana katatu ndi iwo.

Thabwa latsika, burashi ili m'manja. Amalume, bwanji mwaima? Eya. Akuti sukulu sanapiteko, ndipo dzina la munthu sanalembepo chibadwire, ngakhale lawo lomwe. Akuti, "Horácio, usangoima pamenepo n'kumalira. Ndiwe purofesori. Ndigwire dzanja."

Ana asukulu, musaombe m'manja tsopano, mungawasokoneze. Chilembo choyamba chapendekeka, koma chikuwerengeka. A Leandro, musayandikire, musakonze kanthu.

Olemekezeka a Shefi a Posto, nthumwi ya ku Fíngoè, mafumu, atsogoleri a mipingo, a Diretora, makolo ndi ana, pamene madala awiriwa ayamba kale kukangana za kukula kwa chilembo chachiwiri, ine Rosária, mbala yovomera yokha, mwa mphamvu zimene mwandibwereka kwa tsiku limodzi, ndikulengeza kuti Laboratoriyo ya Purofesori Horácio yatsegulidwa tsopano mwalamulo. Lowani, ana inu, koma mosamala, utoto sunaume.

Zikomo kwambiri.